NKHOKWE YA MAU A CINGEREZI

Mlimi wanzeru sadzaza nkhokwe yace tsiku limodzi. Amalima, nabzala, napalira, ndipo ikafika nyengo ya masika amatuta cimanga cace dengu limodzi limodzi kufikira nkhokwe itadzala. Banja limene liri ndi nkhokwe yodzala siliopa njala ya m'dzinja. Kuphunzira cinenero cacilendo kufanana ndi nchito imeneyi. Mau ndiwo cimanga, mutu wa mwana ndiwo nkhokwe, ndipo mwana amene akundika mau tsiku ndi tsiku sasowa conena pa tsiku lofunika.

M'dziko la Zambia muli zinenero zambiri. Mwa izo 7 zinasankhidwa kuti zimveke pa wailesi ndi kuphunzitsidwa m'masukulu, ndizo Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Koma ciyambire caka ca 1964, pamene dziko linalandira ufulu wodzilamulira, cinenero ca Boma ndico Cingerezi, cimene ambiri amacicha Cizungu. Malamulo a dziko amalembedwa m'Cingerezi, ndipo mayeso ambiri a ku sekondale amafunsidwa m'cinenero comweco. Mau a Cingerezi ali pa matumba a feteleza, pa mabotolo a mankhwala ndi pa zikwangwani za m'miseu.

Zimacitika m'midzi yambiri kuti nkhalamba ibwera kucokera ku cipatala ndi botolo la mankhwala, itaiwala zimene anamwino anaiuza. Pomwepo imaitana mdzukulu wace wa pa sukulu, niti, "Mdzukulu wanga, tandiwerengera izi. Kodi akuti ndimwe bwanji?" Mwana ayang'ana, napeza mau akuti "one teaspoon". Iye adziwa kuti "spoon" ndi supuni, koma m'nyumbamo muli masupuni awiri, yaing'ono ndi yaikulu. "Teaspoon" ndi supuni yaing'ono ya tiyi, imene imalowa mamililita 5. "Tablespoon" ndi supuni yaikulu, imene imalowa mamililita 15. Mwana akasokoneza mau awiriwa adzamwetsa agogo ace mankhwala a katatu pa nthawi imodzi. Apa pakuoneka kuti kudziwa mau si nkhani ya mayeso okha iai. Nthawi zina ndi nkhani ya moyo wa munthu.

KUMENE MAU A CINGEREZI ANACOKERA

Cingerezi ciri ndi mau ambiri ndithu cifukwa cinatola mau kwa mitundu yambiri ya anthu. M'zaka za m'ma 400 anthu a mitundu itatu, Angles, Saxons ndi Jutes, anaoloka nyanja kucokera ku maiko amene lero achedwa Germany ndi Denmark, nakhala pa cisumbu ca Britain. Dzina lakuti England linacokera kwa Angles amenewa. Mau amene iwo anadza nao ndiwo mau aafupi a pakhomo, monga "mother", "father", "house", "water", "eat", "drink", "sun" ndi "moon". Kufikira lero awa ndiwo mau amene amamveka kawiri kawiri pakamwa pa Angerezi.

M'caka ca 597 Augustine anafika ku England ndi anzace kucokera ku Rome kudzalalikira Cikristu. Iwo anali kupemphera ndi kulemba m'Cilatini, cotero mau ena a Cilatini analowa m'Cingerezi, monga "school" ndi "altar". Pambuyo pace, m'zaka za m'ma 800, anadza anthu a nkhondo ochedwa Vikings, ocokera ku Denmark ndi Norway. Ambiri a iwo anamanga midzi, nakwatirana ndi eni dziko, nasiya mau ao monga "egg", "sky", "window", "take" ndi "they".

Kusintha kwakukulu kunadza m'caka ca 1066, pamene William wa ku Normandy anagonjetsa England, nalowa ufumu. Iye ndi nduna zace anali kulankhula Cifalansa, ndipo kwa zaka zambiri Cifalansa cinali cinenero ca ku nyumba ya mfumu ndi ca ku bwalo la milandu. Ndico cifukwa cace mau a ulamuliro monga "judge", "court", "prison" ndi "government" anacokera ku Cifalansa. Ngakhale maina a ndiwo asimba mbiri yomweyi. Ng'ombe ikakhala m'khola ndi "cow", koma ikafika m'mbale ndi "beef". Nkhosa ndi "sheep", koma nyama yace ndi "mutton". Nkhumba ndi "pig", koma nyama yace ndi "pork". Maina a ziweto ndi a Cingerezi cakale, ndipo maina a nyama yodyedwa ndi a Cifalansa.

Anthu ophunzira anatenganso mau ku Cigriki pofuna kucha zinthu zatsopano. Dzina lakuti "telephone" linapangidwa ndi mau awiri a Cigriki, ena otanthauza "kutali" ndi ena otanthauza "liu". Ndipo pamene Angerezi anayenda m'maiko akutali anatolanso mau kumeneko. "Tea" anacokera ku China, "tomato" ku Mexico. Africa nayenso anaperekako: "safari" ndi Ciswahili, "impala" ndi "mamba" ndi Cizulu, "tsetse" ndi Citswana.

Kubwereka mau si cinthu ca manyazi, pakuti zinenero zonse zimatero. Cinyanja cinatenga "sukulu", "buku", "tebulo" ndi "supuni" ku Cingerezi, ndipo cinatenga "nsapato", "kalata" ndi "mbatata" ku Cipwitikizi. Motero mwana wolankhula Cinyanja sayamba Cingerezi ndi nkhokwe yopanda kanthu. Madengu ena ali kale m'katimo.

CIFUKWA CACE KALEMBEDWE KABVUTA

Cinyanja cimalembedwa monga momwe cimachulidwira. Mwana akadziwa malembo atha kuwerenga mau ali onse, ngakhale amene sanawaonepo. Cingerezi sicitero. Ciri ndi malembo 26, ndipo mwa awa a, e, i, o, u ndiwo malembo a liu, monga m'Cinyanja. Koma pamene Cinyanja ciri ndi maliu 5 okha a mtundu umenewu, Cingerezi ca ku England ciri nao pafupifupi 20. Cotero lemba limodzi limasenza maliu angapo. Lemba la "a" limveka mosiyana m'mau atatu awa: "cat", "car" ndi "cake".

Cifukwa cina ciri m'mbiri. M'caka ca 1476 William Caxton anaimika makina oyamba osindikizira mabuku m'dziko la England, pa malo ochedwa Westminster. Mabuku osindikizidwa atafala, kalembedwe ka mau kanayamba kukhazikika, koma kachulidwe kanapitirira kusintha pakamwa pa anthu. M'masiku a Caxton anthu anali kuchula "k" wa m'mau akuti "knife" ndi "knee". Lero lembalo likalipo pa pepala, koma silimveka. Cimodzimodzi malembo anai akuti "ough" amveka mwa njira zinai m'mau awa: "though", "through", "cough" ndi "rough". Cifukwa ca ici mwana pophunzira mau atsopano ayenera kugwira zinthu zitatu pamodzi: kalembedwe kace, kachulidwe kace ndi tanthauzo lace. Akagwira ziwiri zokha ali ngati mphika wokhala pa mafuwa awiri.

MIYALA YOPUNTHWITSA

Pali malo ena pamene ana olankhula Cinyanja amapunthwa kawiri kawiri, osati cifukwa ca kupusa, koma cifukwa lilime ndi makutu zinazolowera njira ya kwao.

Coyamba ndi "l" ndi "r". M'Cinyanja munthu akasinthanitsa malembo awiriwa tanthauzo silisintha, koma m'Cingerezi limasinthiratu. "Pray" ndi kupemphera, "play" ndi kusewera. "Rice" ndi mpunga, "lice" ndi nsabwe. Mwana wouza mlendo kuti kwao amadya "lice" adzadabwitsa mlendoyo kwambiri.

Caciwiri ndi maliu ofanana pang'ono, monga "ship", ngalawa yaikulu, ndi "sheep", nkhosa; kapena "live", kukhala, ndi "leave", kucoka. Makutu ayenera kuyamba aphunzira kusiyanitsa, pamenepo pakamwa padzatsata.

Cacitatu ndi malembo ooneka ngati a Cinyanja koma omveka mwina. "Ph" wa m'mau akuti phiri si "ph" wa "photo", pakuti uyu amveka ngati "f". "Th" wa m'mau akuti thupi si "th" wa "thin", pakuti pochula uyu nsonga ya lilime imakhudza mano a kutsogolo ndipo mpweya umaturukira pomwepo. Ndiponso mau a Cinyanja amathera ndi lemba la liu, motero lilime limafuna kuonjeza liu pa mapeto a mau monga "book" ndi "cup". Mwana ayenera kulizoloweza kuima pamene mau athera.

Cacinai ndico cacikulu: mau a zinenero ziwiri salingana ngati mbale ndi cibvundikiro cace. Mneni wa Cinyanja wakuti kumva amagwira nchito zambiri. Munthu amamva phokoso, amamva kuwawa, amamva fungo, ndipo amamva zimene aphunzitsi afotokoza. Cingerezi cimagawa nchito zimenezi kwa aneni anai: "hear", "feel", "smell" ndi "understand". Mwezi wa kumwamba ndi "moon", koma mwezi wa pa kalendala ndi "month". Cinyanja cimati iye kwa mwamuna ndi kwa mkazi yemwe, koma Cingerezi cimati "he" kwa mwamuna ndi "she" kwa mkazi. Pena Cinyanja ndico ciposa. Ico cimasiyanitsa amalume ndi atate aang'ono, pamene Cingerezi cimawaunjika onse m'dzina limodzi lakuti "uncle". Cifukwa cace mwana wosandutsa ciganizo ca Cinyanja m'Cingerezi liu ndi liu amalakwa. Kuli bwino kuphunzira mau ali m'ciganizo cathunthu, monga munthu amadziwa bwino mlendo akamuona ali pakati pa abale ace.

MAU ALI NDI MABANJA

Mau sakhala okha okha. Ali ndi mabanja monga anthu. M'Cinyanja kuphunzira, kuphunzitsa, mphunzitsi ndi phunziro ndi ana a nyumba imodzi. M'Cingerezi muli comweco, ndipo mwana wodziwa zimenezi amatuta mau anai kapena asanu pa phesi limodzi.

Timau tina timaphatikizidwa ku mapeto a mau. "-er" amasonyeza munthu wocita nchito: "teach" ndi kuphunzitsa, "teacher" ndi mphunzitsi; "farm" ndi munda, "farmer" ndi mlimi. "-ful" amatanthauza kukhala naco cinthu, ndipo "-less" kusowa cinthuco: "careful" ndi wosamala, "careless" ndi wosasamala. Timau tina timaphatikizidwa ku ciyambi. "re-" amatanthauza kubwereza: "write" ndi kulemba, "rewrite" ndi kulembanso. "un-" amatembenuza tanthauzo, monga momwe Cinyanja cimatembenuzira kubvala kukhala kubvula, ndi kutseka kukhala kutsekula: "dress" ndi "undress", "lock" ndi "unlock". Komatu pafunika kucenjera, pakuti "un" wa m'mau akuti "uncle" ndi "under" satembenuza kanthu.

Alipo mau ena osamvera lamulo. Zinthu zikakhala zambiri Cingerezi cimaonjeza "s", monga "book" ndi "books". Koma "man" amasanduka "men", "child" amasanduka "children", ndipo "sheep" sasintha konse. Zocitika kale zimalandira "-ed", monga "walk" ndi "walked". Koma "go" amasanduka "went", ndipo "eat" amasanduka "ate". Mau otere alibe njira yacidule. Mwana amangowaloweza pamtima ndi kuwanena kawiri kawiri kufikira atazolowera.

MAU OYAMBA KUTUTA

Palibe munthu, ngakhale Mngerezi weni weni, amene adziwa mau onse a Cingerezi. Nanga mwana ayambire pati? Mphunzitsi wina wa ku England, Michael West, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Bengal, anaganizira funso limeneli. Iye anaona kuti ana amagwa mphwayi akapatsidwa mabuku odzala ndi mau acilendo, cotero analemba mabuku owerenga m'mene mau atsopano amalowa pang'ono pang'ono, nabwerezedwa. M'caka ca 1953 anaturutsa mndandanda wa mau ofunika koposa, okwanira pafupifupi 2,000. Anthu ofufuza anapeza kuti pa mau 10 ali onse a m'mabuku wamba, pafupifupi 8 amacokera m'mndandanda umenewo.

Izi ndi zolimbitsa mtima. Mwana wophunzira mau 5 pa tsiku, masiku 200 pa caka, adzakhala ndi mau 1,000 caka cikatha, ndipo pa zaka ziwiri adzakwanitsa 2,000. Akulu anati pang'ono pang'ono ndi mtolo. Phunziro lina ndi lakuti mau aafupi a tsiku ndi tsiku aposa mau aatali ogometsa anthu. Mwana wodziwa kugwiritsa bwino nchito "get", "make", "put" ndi "take" amamveka bwino koposa mnzace woloweza mau aatali osadziwa powaika.

BUKU LOTANTHAUZIRA MAU

Bwenzi lalikulu la wophunzira ndi buku lotanthauzira mau, lochedwa dikishonale. Mabuku otere sanagwe kumwamba. Anthu anawakhetsera thukuta. Samuel Johnson wa ku London anagwira nchito pafupifupi zaka 9 polemba dikishonale yace, imene inaturuka m'caka ca 1755 iri ndi mau oposa 42,000. Dikishonale yaikulu ya Oxford inayamba kuturuka m'zigawo m'caka ca 1884, nitsirizika mu 1928 iri ndi mau oposa 400,000. Cinyanja naco ciri ndi mabuku ace. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anasindikiza dikishonale ya Cimang'anja mu 1892, ndipo Alexander Hetherwick anaikonzanso, nituruka mu 1929 monga dikishonale ya Cinyanja.

Mau a m'dikishonale amandandalikidwa motsata alifabeti. Mwana wofuna "medicine" amatsekula pakati pa buku pamene pali "m", nayang'ana lemba laciwiri, "e", kenaka lacitatu, "d". Pamwamba pa tsamba pamakhala mau osonyeza poyambira ndi pothera tsambalo, kuti wofufuza asataye nthawi. Akawapeza mau asathamangire tanthauzo loyamba, pakuti mau ambiri ali ndi matanthauzo angapo. "Bank" ndi nyumba yosungira ndalama, komanso ndi gombe la mtsinje. Ciganizo cimene mau alimo ndico cidzasonyeza tanthauzo loyenera. Masiku ano madikishonale alinso m'mafoni ndi m'makompyuta, ndipo ena amachula mau momveka. Koma nchito yosankha tanthauzo ikali ya mutu wa mwana.

KUTETEZA NKHOKWE KWA ANANKAFUMBWE

Cimanga ca m'nkhokwe ciri ndi mdani wace, ndiye nankafumbwe. Mdani wa mau ndi kuiwala. M'caka ca 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anafalitsa zimene anapeza podziyesa yekha. Iye anali kuloweza timau topanda tanthauzo, nayesa kuculuka kwa timene anali kukumbuka patapita ola, tsiku kapena mwezi. Anapeza kuti munthu amaiwala msanga kwambiri m'maola oyamba, ndipo pambuyo pace kuiwala kumacepa liwiro. Anapezanso kuti kubwereza phunziro pa masiku osiyana kumathandiza koposa kulibwereza kambiri tsiku limodzi.

Cotero mwana wanzeru amakhala ndi kabuku kace ka mau. Pa tsamba liri lonse amalemba mau atsopano, tanthauzo lace m'Cinyanja, ndi ciganizo cimodzi copanga yekha. Madzulo a tsiku lomwelo amawaonanso, m'mawa mwace amabwereza, ndipo patapita sabata amabisa tanthauzo ndi dzanja, nadziyesa. Kuyesa kukumbuka kumalimbitsa mau m'mutu koposa kungowayang'ana.

Cinenero cimayenda pa miyendo inai: kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba. Mwana amamva Cingerezi pa wailesi ndi pakamwa pa aphunzitsi. Amawerenga ciri conse copezeka, kaya nthano, nyuzipepala yakale kapena pepala la pa citini. Akakomana ndi mau acilendo amayamba walingalira tanthauzo poona mau oyandikana nao, pambuyo pace nafunsa dikishonale. Amalemba makalata ndi nkhani zazifupi za kumudzi. Koposa zonse amalankhula, angakhale alakwitse. Ana ambiri amatseka pakamwa poopa kusekedwa, ndipo kalasi loseka wolakwa limadzimana lokha nzeru. Khasu losagwira nchito limacita dzimbiri. Mau osalankhulidwa amatero momwemo.

ZINENERO ZIWIRI, CUMA CIWIRI

Ena amayesa kuti wofuna kudziwa Cingerezi ayenera kunyoza cinenero ca makolo ace. Kumeneko ndi kulakwa. Mwana wodziwa kuwerenga bwino Cinyanja wadziwa kale kuti malembo amaimira maliu, ndi kuti ciganizo ciri ndi dzina ndi mneni. Nzeru imeneyi amapita nayo ku Cingerezi. Munthu womanga nkhokwe yaciwiri sagwetsa yoyamba.

Tsono mdzukulu uja, atagwira botolo la agogo ace, ngati adziwa mauwo adzatenga supuni yaing'ono mosakayika. Ngati sawadziwa sayenera kungoganizira, pakuti safunsa anadya phula. Adzati, "Agogo, mau awa sindinawaphunzire. Dikirani pang'ono, ndikafunse aphunzitsi kapena anamwino." Pobwera adzamwetsa agogo ace muyeso woyenera, ndipo madzulo adzalemba "teaspoon" ndi "tablespoon" m'kabuku kace.

MAFUNSO

1. Kodi "teaspoon" ndi "tablespoon" zisiyana bwanji, ndipo kusiyanako kuli kofunika cifukwa ninji?
2. Ndi mitundu iti itatu ya anthu imene inadza ndi Cingerezi cakale ku Britain?
3. Cinacitika nciani m'caka ca 1066, ndipo cinasintha bwanji Cingerezi?
4. Cifukwa ninji "k" wa m'mau akuti "knife" samveka?
5. Ndi aneni ati a Cingerezi amene amaimira mneni wa Cinyanja wakuti kumva?
6. Kodi "careful" ndi "careless" atanthauzanji? Ndi mau ena ati othera ndi "-ful" ndi "-less"?
7. Hermann Ebbinghaus anapeza ciani pa za kuiwala, ndipo zimenezi zingathandize bwanji mwana wa sukulu?
8. Kodi mwambi wakuti safunsa anadya phula ugwirizana bwanji ndi phunziro ili?